Chigubu cha malita 5 sichidziwa injini yako

Kuno ku Chipata tili ndi muyeso wa oilo umene sunalembedwe m'buku lililonse: chigubu. Ukapita ku sevisi, wa shopu akupatsa cha malita 5, amakanika athira chonse, iwe ulipira n'kumapita. Corolla chigubu chimodzi, Altezza chimodzi, Mark X chimodzinso. Ine muyeso umenewu ndimaukana, ndipo ndifuna anyamata anzanga amene mwayamba kugula motoka zothamanga za ku Japan muukanenso.

Tione manambala. Injini ya 1NZ-FE, imene ili mu Corolla zambiri za m'tauni muno, imamwa malita 3.7 ukasintha ndi fyuluta yomwe. Mark X ya injini ya 4GR-FSE imafuna malita 6.3. Ndiye kuti chigubu chimodzimodzicho mu Corolla chapyola ndi malita 1.3, mu Mark X chaperewera ndi malita 1.3. Altezza ndiyo imapusitsa kwambiri. Toyota inaipanga kuyambira 1998 mpaka 2005, kunja zofanana koma injini zosiyana. AS200 ili ndi 1G-FE ya masilinda 6, imamwa malita 3.8. RS200 ili ndi 3S-GE ya masilinda 4, imamwa pafupifupi malita 5. Ya masilinda ambiri ndiyo imamwa pang'ono. Kuyang'ana bodi chabe sungadziwe.

Ambiri amati oilo ikachuluka palibe vuto, bola isachepe. Koma ikapyola mzere, crankshaft imayamba kuipuntha ngati mmene amayi amapunthira mazira, mpaka ichite thovu. Pampu imakoka thovulo, ndipo mpweya suteteza zitsulo kuti zisakhulane. Masilo amayamba kudontha, utsi wa buluu utuluka kumbuyo. Ikachepa nayonso ndi nkhani ina. Motoka yothamanga ukaikhotetsa mwamphamvu pakona, oilo imathawira mbali imodzi ya sampu, pampu n'kukoka mpweya. Masekondi ochepa chabe ndi okwanira kuti mabering'i ayambe kudyeka.

Msuweni wanga wa kwathu ku Tamanda anasunga ndalama za soya ndi fodya nyengo zitatu kuti agule Mark X. Pa sevisi yoyamba anamuthirira chigubu chimodzi pagalaji ina m'tauni, palibe amene anasolola dipstick. Oilo inayambira kale pafupi ndi mzere wapansi. Injini yakale imadyako oilo pang'onopang'ono, ndipo maulendo a msewu wafumbi wopita kumudzi anamalizitsa ntchito. Asanakwanitse miyezi itatu injini inayamba kugogoda. Lita ndi theka imene sanagule ija inamudyera ndalama za zokolola za chaka chathunthu.

Kukhetsa oilo yakale nakonso kuli ndi dongosolo lake. Liza injini mphindi zochepa kuti oilo ifunde, chifukwa yozizira imatuluka mwaulesi n'kusiya zinyalala pansi. Motoka iime pamalo osapendekeka. Pamagalaji athu ambiri amakweza mbali imodzi ndi jeke, mwina tayala limodzi pamwala, ndipo oilo ina imatsalira pakona ya sampu. Tsegula chivundikiro cha pamwamba, masula bauti ya pansi, udikire mphindi 10 kapena 15 mpaka kudontha kuleke. Ika washa yatsopano, ndipo bauti usaimange ndi mphamvu zako zonse, chifukwa mazinga akadyeka udzafuna sampu ina. Fyuluta isinthidwe nthawi yomweyo. Yakale imasunga oilo yakuda imene idzasakanikirana ndi yatsopano.

Pothira, siyako theka la lita pa muyeso wa m'buku. Liza injini kamphindi kuti fyuluta idzaze, zimitsa, dikira mphindi zisanu, solola dipstick, pukuta, bwezera, sololanso. Onjeza pang'onopang'ono mpaka oilo ifike pafupi ndi mzere wapamwamba, osaupyola. Nambala ya m'buku imakuuza kuchuluka kogula. Dipstick ndiyo imakuuza pamene uyenera kulekera. Ngati buku la motoka yako linabwera m'Chijapani, dzina la injini lili pakapuleti ka pabodi, ndipo ukalilemba pa intaneti muyeso wake uupeza.

Ngakhale motoka zodula za kunja zili ndi malamulo ake. Porsche 911 zakale zimasunga oilo m'thanki yapadera, zili ndi mabauti awiri okhetsera, ndipo oilo yake amaiyeza injini ikulira itatentha. Makanika wozolowera Corolla akamasula bauti imodzi yokha, oilo yambiri yakale imatsala momwemo. Motoka iliyonse ili ndi chikhalidwe chake.

Oilo yakudayo usaitayire pansi kapena m'ngalande. Mvula ikagwa imapita nayo kumadimba ndi kuzitsime kumene timatunga madzi akumwa. Ithire m'chigubu chopanda kanthu chija, utseke bwino.

Sindinena kuti amakanika athu sadziwa ntchito. Ambiri ndi akatswiri, koma ali ndi motoka zisanu zowadikira ndipo mwini wake wapita kukamwa drinki. Khala pomwepo. Funsa mwaulemu kuti, "Amdala, iyi imamwa malita angati?" Akayankha kuti "chigubu chimodzi," pempha kuti musolole dipstick muone limodzi. Makanika wabwino sakwiya ndi funso limeneli, ndipo sabata ikatha usololenso wekha m'mawa usanalize injini.