Za Kolera ndi Madzi a Kwathu ku Chilwa

Abale anga amene muli kugwira ntchito m'migodi, ambiri a ife timapita kumudzi pa Khirisimasi, ndipo iyo ndiyo nyengo imene mvula iyamba kwathu. Chotero ndati ndilembeko za nthenda ya kolera, pakuti ine ndinabadwira kufupi ndi doko la Kachulu pa nyanja ya Chilwa, kumene nthendayi ifika kawirikawiri ngati mlendo wodziwa njira, ndiponso ndinatha zaka zambiri ndiri kuthandiza madotolo m'chipatala cha pamgodi. Funso limene anzanga a m'komboni ankandifunsa ndi ili: kodi mliri ukatha, kolera amapita kuti, ndipo abwera bwanji kachiwiri?

Kachirombo kake nkosaoneka ndi maso. Pa galasi la madotolo kaoneka kopindika ngati mbedza, ndipo kali ndi mchira umodzi umene kasambira nawo. Dotolo wa ku Germany, Robert Koch, anakapeza m'chaka cha 1884 m'dziwe lina ku Calcutta, m'dziko la India, m'mene anthu anali kusamba, kuchapa ndi kutunga madzi akumwa. Kwawo kwenikweni nkomweko, kumene mtsinje wa Ganges uthira m'nyanja yaikulu, pakuti kakonda madzi ofunda okhala ndi mchere pang'ono.

Tsono chodabwitsa ndi chakuti kachiromboka kangathe kukhala m'madzi popanda munthu. Mayi wina wophunzira wa ku America, Rita Colwell, pamodzi ndi anzake, anapeza kuti tizirombo ta kolera timakangamira pa tinkhanu ting'onoting'ono ta m'madzi, tochepa ngati mutu wa singano, ndi kumadya chigoba chake. Kankhanu kamodzi kangathe kunyamula tizirombo zikwi. Timamatiriranso pa ndere, titaunjikana ndi kudziphimba ndi zoterera zonga therere, kuti tisafe msanga. Ndipo madzi akazizira kapena chakudya chikasowa, timafota ndi kugona, monga mlamba ubisala m'matope Chilwa ikaphwa. Kukafunda ndere nkuchuluka, tinkhanu tija tiswana, tizirombo natonso tichuluka.

Amene muidziwa Chilwa mwaona kale kumene ndiri kupita. Nyanja imeneyi ilibe mtsinje wotulutsa madzi, njosaya, njofunda, ndipo madzi ake amveka mchere pakamwa. Asodzi a matemba amamanga zimbowera pa mabango pakati pa nyanja, nakhala pomwepo milungu yambiri. Madzi amene amwa ndi omwewo amene adzithandiziramo. Ine sindiwanyoza iai, pakuti munthu wokhala pa chimbowera akakumbe chimbudzi pati? Koma msodzi mmodzi akafika nako kachiromboka, kapeza malo okonzeka kale.

Ndati "akafika nako" dala. Madzi asunga kolera, inde, koma madzi sakwera basi. Mliri umene udakali kuzungulira dziko lapansi unayamba m'chaka cha 1961 pa chisumbu cha Sulawesi ku Indonesia, unafika mu Africa mu 1970, ndipo ku Malawi mu 1973. Anthu ophunzira amene anayerekeza tizirombo totengedwa kwa odwala a m'maiko ambiri analengeza mu 2017 kuti kuyambira 1970 kolera analowa mu Africa kuchokera ku Asia koposa kakhumi. Anayenda m'mimba mwa anthu. Apa mpamene nkhaniyi itikhudza ife a paulendo, chifukwa ambiri amene ameza kachiromboka sadwala konse, kapena angotsegula m'mimba pang'ono, koma kamatulukabe m'chimbudzi chawo mpaka masiku 10. Munthu wotere ali wamphamvu, anyamula yekha sutikesi yake, ndipo iye mwini sadziwa kanthu.

Kumbukirani za ku Zimbabwe. Mu August 2008 kolera anabuka ku Chitungwiza pafupi ndi Harare, pamene mipope ya zimbudzi inali yophulika, madzi a pampopi atasiya kutuluka, anthu nkuyamba kukumba zitsime zosaya pakhomo. Pofika November anali atafika ku Beitbridge, nawoloka Limpopo kulowa ku Musina. Anafa anthu oposa 4,000. Umenewo ndi msewu wathu womwe uja, umene tidzera popita ndi pobwera.

Mliri ukayamba uyenda msanga chifukwa cha kuchuluka kwa tizirombo. Munthu akamwa towerengeka, zowawasa za m'mimba mwake zitipha. Pafunika tambiri kuti adwale. Koma wodwala kwambiri angathe kutaya lita yathunthu pa ola limodzi, chimbudzi chonga madzi otsukira mpunga, ndipo m'dontho lililonse muli tizirombo tosawerengeka. Tikangotuluka kumene m'mimba timakhala taukali koposa kwa maola angapo, nchifukwa chake a m'nyumba imodzi ndi wodwala ndiwo ayamba kugwa. Mvula ikagwa yamphamvu, zimbudzi zisefukira m'zitsime. Ndimo zinachitikira ku Machinga mu March 2022, atangodutsa namondwe Ana. Mliri umenewo sunaleke ndi mvula monga tinazolowera; unapitirira chilimwe chonse, unafika m'maboma onse, ndipo unapha anthu oposa 1,700.

Ine chimene ndiopa kwambiri sichitsime koma mtsuko wa m'nyumba. Madzi angathe kuchoka pa mjigo ali abwino, koma mwana akamiza chikho pamodzi ndi zala zake, nyumba yonse imwa zimene zinali m'manja mwake, ndipo madziwo aonekabe oyera mbee. Palinso mbale yosambira m'manja. Mwambo wathu uti wamkulu ayambe, ena atsate m'madzi omwewo mpaka kwa wamng'ono. Ulemu umenewo ngwabwino, koma pa nyengo ya kolera wina azithirira mnzake madzi m'manja, sopo ali pafupi. Wamkulu ayambebe, palibe chotayika. Mkute nawonso, ndi mpunga wogona, tizirombo timaswana m'menemo ngati wakhudzidwa ndi manja akuda, chotero utenthetsedwe ndithu usanadyedwe. Za pamaliro nzovuta kunena, pakuti palibe afuna kuuzidwa kuti asasambitse mbale wake. Koma mtembo wa kolera ukhala udakali ndi tizirombo, ndipo manja amene asambitsa ndi omwewo amene akaphika nsima ya anthu mazana.

Tinkhanu tija tinaphunzitsa anthu nzeru ina. Ku Bangladesh amayi a m'midzi anauzidwa kusefa madzi pa nsalu yakale yopindidwa kanayi, ndipo zotsatira zimene zinalengezedwa mu 2003 zinaonetsa kuti kolera anachepa ndi pafupifupi theka. Nsalu sigwira kachirombo koyandama pakokha, koma igwira tinkhanu ndi ndere zimene tizirombo takangamirapo. Chitenje chakale chofewa chiposa chatsopano, chifukwa ulusi wake wathithikana. Ichi nchothandiza pamene palibe china. Kuwiritsa madzi kapena kuthiramo kolorini ndiko kupha tonse.

Mukalemba kalata kapena kuimba foni kumudzi, auzeni amayi a ana muyeso uwu, pakuti kolera apha ndi kutha kwa madzi m'thupi, nthawi zina tsiku lomwelo. Ngati Thanzi palibe, atenge lita imodzi ya madzi owiritsa, athiremo timasupuni ta tiyi 6 ta shuga tosasefukira ndi theka la kasupuni ka mchere. Wodwala azimwa pang'onopang'ono ngakhale ali kusanza, ndipo azimwabe ali pa njinga kapena m'ngolo kunka kuchipatala.