Chikombole Sichituluka Mvula Isanatsanzike

Kuno ku Phalombe kuli anyamata oti akangoona dzuwa lawala masiku angapo otsatizana m'mwezi wa Malichi, makasu ali kale paphewa, akukakumba nkhuti. Pofika Meyi mudzawapeza m'mbali mwa msewu wa ku Migowi akuitanira njerwa pamtengo woti ine sindingagulire ngakhale nkhuni zootchera. Anthu amagula ndithu, kenako n'kubwera pakhomo panga kudzafunsa kuti zanga zimadula chifukwa chiyani. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa ntchitoyi ndinakuliramo, ndipo nyumba zomangidwa ndi njerwa zanga ndimadutsa pakhomo pake mutu uli m'mwamba.

Kuponda dothi, kuliponya m'chikombole, kukhuthula pabwalo, izo ngakhale mwana angaphunzire tsiku limodzi. Chimene chimasiyanitsa woumba weniweni ndi wongofuna ndalama ya msangamsanga n'kudziwa tsiku loyamba. Miyezi iwiri iyi, Malichi ndi Epulo, mvula ikamalowera kumapeto koma chisanu chisanafike, ndi imene imagamula ngati uvuni wa chaka chimenecho udzakhale wa njerwa kapena wa zibuma.

Malichi ndi mwezi wachinyengo m'chigwa chino. Dzuwa limatha kuswa mtengo sabata yathunthu, chimanga chikuyamba kuuma masamba, iwe n'kumati zatha. Koma aliyense wobadwira m'tsinde mwa Michesi amadziwa zimene mwezi umenewu unatichita. Napolo wa 1991, amene anagubuduza miyala kuchokera m'phiri n'kupha anthu mazanamazana, anabwera mu Malichi. Madzi osefukira a nthawi ya namondwe Idai mu 2019, mu Malichi. Anamondwe Gombe mu 2022, Freddy mu 2023, Jude mu 2025, onsewo mwezi womwewo. A zanyengo amanena kuti nyengo ya anamondwe a m'nyanja ya India imafika mpaka kumapeto kwa Epulo. Ndiye munthu wanzeru zake angayale bwanji njerwa zaziwisi zikwizikwi pabwalo, kunyanjako kusanatsekedwe?

Masiku ano ndimamvera ulosi pawailesi, ndipo sindiuchepetsa. A nthambi yoona za nyengo ku Blantyre amafotokoza kuti mvula yathu imagwa pamene mphepo zochokera mbali zosiyana zakumana, ndipo malo okumaniranawo amasunthira kumpoto chaka chikamapita ku Epulo. N'chifukwa chake kuno kummwera timauma msanga pamene anzathu a ku Nkhata Bay ndi Karonga akadali m'matope. Akachenjeza kuti m'nyanja ya pakati pa Mozambique ndi Madagascar mwayamba kuzungulira chinthu, ine chikombole ndimachisiya pomwe chili, ngakhale kumwamba kukhale mbee. Koma wailesi imalankhula za chigawo chonse. Siingakuuzeni kuti pabwalo lanu, pamudzi panu, dothi lauma kufika pati. Zimenezo ndinaziphunzira kwa amalume.

Amalume anga, achimwene awo a mayi, anali munthu wosalankhulalankhula. Ankadzuka kusanache n'kukaima kuseri kwa nkhokwe, nkhope atalozetsa kuphiri. Ine ndili mnyamata ndinkangoti akupemphera. Tsiku lina anandikoka dzanja n'kundiimika pambali pawo. "Mphwanga, mphepoyi ikukuomba tsaya liti?" Ndinati lamanja. "Ndiye ikuchokera kuti?" Ankafuna ndidziwe kuti mphepo yofunda, yachinyontho, yochokera chakumpoto ndi kumadzulo imanyamula mvula, pamene mwera, wozizira uja wochokera kummwera chakum'mawa, ukakhazikika masiku ambiri osatembenuka, ndiye kuti dzinja likupita. Ankayang'ananso mame. Udzu ukamadzuka uli chonyowa mpaka m'mawondo, usiku kunali kopanda mitambo, m'mawa kukuzizira pang'ono, ankagwedeza mutu. Ankayang'ana mitsinje yotsika m'phiri, ngati madzi asiya kufiira n'kuyamba kuyera. Ankakanda pansi pa bwalo ndi chikhadabo cha chala chachikulu cha kuphazi. Zizindikiro zonsezi zikagwirizana m'pamene ankati, "Kaviike zikombole." Chimodzi chikatsutsa, tinkabwerera kumunda kukakolola.

Anali ouma mtima pa ntchito, osati pa munthu. Njerwa imodzi ikatuluka yopindika ngodya, ankaibwezera m'dothi osanena kanthu, n'kukuyang'ana. Kuyang'ana kumeneko kunkapweteka kuposa mkwapulo. Koma madzulo ankakugawira mbatata yawo yootcha, n'kumakufotokozera za nyumba zimene anaumbira njerwa ku Chiringa ndi ku Mpasa kalekale, Phalombe akadali mbali ya boma la Mulanje, asanaime payekha mu 1998. Anamwalira ali ndi zikhatho zolimba zoti minga siinkalowa, ndipo chikombole chawo cha mlombwa ndikadali nacho. Sindichigwiritsanso ntchito poumba, koma ndi chimene ndimayezera zatsopano kwa kalipentala, kuti asandichepetsere.

Apa ndiye pali chinyengo china cha otchipitsa aja. Amapala chikombole kuti chichepe pang'ono m'litali ndi m'lifupi. Wogula amawerenga njerwa, sayeza. Akadzayamba kumanga m'pamene mmisiri amamuuza kuti zaperewera, akagule zina, ndipo matope kapena simenti yolowa m'mipata yachuluka.

Za dothi ndingalankhule mpaka dzuwa kulowa. Chigwa chathu chili ndi madothi awiri osamvana. Mukamatsikira ku Nambazo, cha ku nyanja ya Chilwa, mumapeza makande, lakuda lija lomata m'mapazi nthawi ya mvula n'kung'ambika ming'alu chilimwe. Mpunga umalikonda, koma njerwa ya makande okhaokha imasweka isanaone n'komwe moto. Chakuphiri kuli katondo wofiira, ndipo ameneyu ndiye wanga. Koma nayenso pamafunika kumudziwa. Wapamwamba, wa mizu ndi manyowa, ndimachotsa n'kuunjika padera, chifukwa zinyalala zikapsa mu uvuni zimasiya timabowo m'njerwa. Wapansi ndimamufinya m'manja atanyowa: akagwirana n'kusiya chizindikiro cha zala popanda kunyezimira kwambiri, ali bwino. Akamata kwambiri ndimathira mchenga wa kumtsinje, akamayoyoka ndimasakaniza ndi dothi la pachulu. La pachulu ndi labwino zedi, chiswe chinalisefa kale, koma lokha limakoka kwambiri pouma. Ndipo dothi lopondedwa lero siliumbidwa lero. Ligone, lifunditsidwe udzu, madzi alowe mpaka m'kati mwa chibuma chilichonse. Apanso Epulo amathandiza: nthaka ikadali yofewa, zitsime ndi madambo zikadali ndi madzi. Wochedwa mpaka Ogasiti amagula madzi pa ndowa, wofulumira mu Malichi amaumbira mvula. Mpata wabwino ndi wochepa, uli pakatipo.

Mvula ikatsanzika nkhondo siinathe, chifukwa kumabwera chiperoni. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mphepo yochokera ku Mozambique imabweretsa nkhungu ndi mvula yowaza ya masiku awiri kapena atatu. Ife a kuseri kuno tili ndi mwayi, chifukwa phiri la Mulanje limatchinga yambiri n'kuigwetsera kuminda ya tiyi kuja. Komabe ina imazembera pampata wa Fort Lister, pakati pa Mulanje ndi Michesi, ndipo ukaona nsonga ya Michesi yabisika kuyambira m'mawa, thamangira udzu. Chiperoni sichisungunula njerwa ngati mvula ya dzinja. Choipa chake n'chakuti chimaletsa kuuma. Njerwa imaoneka youma kunja, mtima wake uli wonyowa. Ine ndimathyola imodzi pa mzere uliwonse n'kuyang'ana m'kati. Ngati pakati pali podera, uvuni udikire. Dzuwa lamphamvu nalonso ndi mdani pa masiku oyamba, n'chifukwa chake njerwa yongoumbidwa kumene imafunditsidwa udzu kuti iume pang'onopang'ono.

Wopanga uvuni ndi njerwa zosauma amadziwika ndi utsi. Moto woyamba umayenera kukhala waung'ono, wongotulutsa chinyontho, utsi woyera ukufuka mpaka utatha wokha. Ukatha m'pamene umasonkhezera zikuni za bulugamu usiku ndi usana, kenako n'kutseka makomo ndi matope, n'kuusiya uzizire wokha. Anyamata aja amaponya moto waukulu tsiku loyamba lomwe kuti asunge nkhuni. Zotuluka zake zimakhala ngati chigumu chopserera kunja m'kati muli phala. Pa Freddy, pamene madzi ndi miyala zinadutsa, monga ku Nkhulambe, palibe njerwa ya munthu aliyense imene ikanaima, ndipo sindinganamize anthu amene anataya abale awo kuti yanga ikanawapulumutsa. Koma kutali ndi mitsinje ndinaona makoma ambiri atangofewa kuchokera pansi n'kukhala pansi chifukwa cha mvula ya masiku angapo yokha. Ndinatola zidutswa zake: m'kati zinali zakuda, zosapsa.

Nkhuni nazo zakwera, mitengo yatha, ndipo sindikana kuti ntchito yathu yadya nawo nkhalango. Kuyambira 2018 malamulo amaletsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi zamalonda, ndiye sukulu ndi zipatala zinapita kwa oumba mabuloko a simenti. Ife tinatsala ndi anthu a m'midzi, amene ndalama yawo imabwera akagulitsa nandolo, pamene ine nkhuni ndi aganyu ndimalipira miyezi ingapo nandoloyo asanakhwime. Kwacha itagwa mu Novembala 2023, amene anali atandipatsa chikole anafuna njerwa pamtengo wakale, ngati kuti ine ndimagula sopo kudziko lina. Wina amabwera mu Okutobala mitambo itayamba kale kusonkhana, akufuna uvuni wathunthu sabata ziwiri. Ameneyo ndimamubweza, ngakhale akwiye.

Amene akufuna njerwa zanga abwere mu Epulo tidzagwirizane, adzatenge mu Ogasiti kapena Sepitembala, amange ndi kufolera mvula yoyamba isanagwe. Pobwera kudzatenga asankhe yekha njerwa ziwiri paliponse pa uvuni, aziombanitse amve ngati zikulira kuti ngwee, ina aiviike m'ndowa usiku wonse. Akachitenso chimodzimodzi ndi za m'mbali mwa msewu zija, kenako tikambirane za mtengo.