Magalamu 3.1

Ndiyambe ndi kuulula: ndinagula mfumu ya Roma ndi ndalama ya fizi ya mlongo wanga.

Matendawa ndinawatengera ku British Museum, chaka changa choyamba kusukulu kuno ku London. Kumeneko kuli chuma cha ku Hoxne. Mu 1992 bambo Eric Lawes ankasaka hamala ya mnzawo imene inatayika m'munda ku Suffolk, makina awo ofufuzira zitsulo n'kutulukira makobidi oposa 14,000, a golide okhaokha 569. Hamala ija inapezekanso, nayo anaisunga komweko. Ndinaima pagalasipo mpaka miyendo kuwawa.

Kuyambira apo, usiku uliwonse ndili pa foni kuphunzira kuwerenga makobidi. Nkhope musaidalire. Mafumu a nthawi imeneyo amawajambula ngati munthu mmodzi, moti Honorius ndi mkulu wake Arcadius simungawalekanitse popanda zilembo. D N HONORIVS P F AVG: D N ndiye kuti "mbuye wathu", AVG ndi Augustus. Mukatembenuza, MD akutanthauza kuti linasulidwa ku Milan, RV ku Ravenna, TR ku Trier, ndipo OB wa m'munsi uja akulonjeza golide woyengedwa bwino. Tsiku limene ndinawerenga zonsezi ndekha ndinadzimva ngati pulofesa, zoona.

Ndiye munthu wina pa intaneti anaika khobidi la Honorius, mapaundi 90 basi, akuti analipeza m'katundu wa malemu agogo ake. Zilembo zonse zinali m'malo mwake. Ndinati ndigula, ndigulitsa pa mtengo wabwino, kumudzi nditumiza kawiri. Zoti golide yekhayo wa khobidi lotere amadula kuposa mapaundi 90 ndinkazidziwa. Ndinangosankha kusaziganizira.

Chimene sindinafunse ndi kulemera kwake. Constantine atayambitsa khobidi la solidus, paundi imodzi ya Chiroma ya golide inkatulutsa makobidi 72, lililonse pafupifupi magalamu 4.5, ndipo muyeso umenewu unakhala zaka mazanamazana. Langa ndinapita nalo kwa mayi wina wogulitsa ndolo ndi mphete. Analiika pa sikelo: 3.1. Kenako anandipatsa galasi lokulitsira n'kundionetsa kamzere kozungulira m'mphepete. Aroma ankachita kumenya makobidi ndi nyundo pakati pa zidindo ziwiri, pamene ili anachita kulithira m'chikombole n'kulipaka golide pamwamba. Wogulitsa uja anali atafufuta kale akaunti.

Lamlungu ndinaimbira amayi.

"Amayi, ya fizi ichedwa pang'ono, mwina sabata ziwiri."

"Zili bwino kumeneko, mwana wanga? Ukudya koma?"

Ndinati ee. Sabata ziwirizo ndinagwira mashifiti ausiku asanu owonjezera, fizi n'kupita mochedwa ndi masiku 16. Mlongo wanga anamubwezako kusukulu kamodzi, ndinamva patapita mwezi, osatinso kwa iye.

Honorius wanga ali m'kabati, pamodzi ndi machaja akufa. Kumbuyo kwa khutu wayamba kubiriwira.