Kwa mphwanga amene akufuna kusema mitengo pa lathe

Wokondedwa mphwanga,

Kuno ku Kabwe tadzuka bwino, mawondo okha ndiwo akudandaula ndi chisanu. Alamu ako akupereka moni. Ndamva kuti kumapeto kwa chaka ukutula pansi ntchito ya uinjiniya ku Kitwe, ndipo ukufuna kubwerera kunyumba yako ya ku Chowa kudzayamba kusema mitengo pa lathe. Ndakondwa, chifukwa manja ozolowera ntchito akangokhala amadwalitsa mwini wake.

Koma chitsulo chinakuzoloweza kukumvera. Ukadula mamilimita 50 lero, mawa upeza 50 yemweyo. Mtengo suli choncho. Pouma umafota kwambiri chopingasa kuposa m'litali mwake, ndiye mbale yozungulira bwino imene wasema pa mtengo wauwisi, pakatha miyezi iwiri uipeza ili ngati dzira. Usadzatukwane makina. Sema kawiri. Ulendo woyamba siya khoma lochindikala: mbale ya masentimita 30, khoma likhale 3. Paka phula kapena guluu mbali zimene mitsempha ya mtengo yadukira, uikwirire mu utuchi wake pamthunzi. Uziiika pa sikelo mlungu uliwonse nkumalemba (apa pokha ndi pamene chizolowezi chako cha kabuku ndi pensulo chikuthandize). Kulemera kukasiya kutsika, ibwezere pa lathe uimalize.

Chinanso, pa lathe ya zitsulo mpeni umamangidwa, iwe nkumangopukusa zogwirira. Apa tchizulo ili m'manja mwako. Igoneke kaye pa chotsamira, msana wake ukhudze mtengo, kenako tukula chogwirira pang'onopang'ono mpaka iyambe kudya. Ukalowa ndi nsonga, mtengo ukulanda. Mbale yaikulu chonchija isapitirire kuzungulira ka 700 pa mphindi, ndipo poyatsa ima pambali. Za galasi lophimba nkhope yonse ndi kuvula magolovesi sindikuphunzitsa, unkakalipira nazo anyamata ako.

Ndalama za penshoni za ku NAPSA usazithere pa chimakina chachikulu. Mota ya mawati 750 ikukwanira, ndipo ukukumbukira mmene magetsi ankazimira mu 2024 madzi atachepa kudamu la Kariba. Yamba wagula gilayinda yabwino, popeza tchizulo ya pa mtengo imabuntha msanga ndipo uzinola kangapo mbale imodzi isanathe.

Phunzirira pa mango ndi jakaranda. Anthu akamagwetsa m'mayadi amangofuna wowachotsera. Mlombwa, umene kuno amati mukwa, ukapemphe zidutswa kwa akalipentala. Uona ena akusema matabwa akale a njanji a mukusi, mtengo wa kuchigawo cha Mulobezi. Ndi wofiira mokongola, komanso ndi wouma mutu, ndipo m'ming'alu mwake mumabisala mchenga, oyilo ndi zidutswa za misomali. Gula kwa wokupatsa lisiti, usemepo zoikapo nyali kapena miyendo ya tebulo, osati mbale yodyera. Mtengo wa mukula usaukhudze konse, boma lakhala likuletsa malonda ake ndipo pa msinkhu wako sufuna kukagona kupolisi chifukwa cha chipika.

Tsono fumbi. La mukwa ndi mukusi limayabwa m'mphuno ndi pachifuwa, choncho vala chophimba kukamwa chenicheni pokwecha ndi sandipepa. Koma kuno tili ndi fumbi linanso. Mgodi wa kuno ku Kabwe unatsekedwa mu 1994, koma mtovu wake ukadali m'dothi la Chowa, Kasanda ndi Makululu, ndipo mphepo ya Ogasiti imaulowetsa paliponse. Waka simenti pansi pa shedi yako, zipika zisagone padothi, mbale zomalizidwa uzitsuke nkuzisunga m'kabati. Zometa za mango ndi jakaranda usaotche, uziyale pabwalo pamene adzukulu amasewera, dothi lisakhale poyera.

Ukamabwera pa Khirisimasi unditengere malamba awiri a mota, ndikutumizira saizi pafoni. Moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mkulu wako.