Bata la jekeseni

Ntchito yanga ndi ya mafizo, ndipo ambiri mwa odwala anga masiku ano ndi anyamata ogwa pa njinga yamoto opanda chisoti. Munthu wovulala ubongo akatsitsimuka, pamadutsa masiku, pena milungu, asakudziwa komwe ali. Zomwe mwamuuza m'mawa, masana waiwala. Amazula paipi ya mkodzo, kutukwana mayi ake omubereka, kulimbana kuti atsike pabedi miyendo isanalimbe. Achipatala cha Rancho Los Amigos ku California anagawa kuchira kotere m'magawo, ndipo limeneli ndi gawo lachinayi. Magadiyani amangoti mwana wapenga. Ine mtima umakhalako pansi, chifukwa ndimadziwa kuti ubongo wayamba kudzuka.

Usiku zikafika povuta, amabayidwa haloperidol kapena chlorpromazine, aja anthu amati mankhwala a misala. Namwino sindimuimba mlandu. Ali yekha, wodi yadzaza, ndipo wodwala akagwa n'kumenyetsanso mutu womwewo ndiye kuti tabwerera poyambira. Koma kukacha, zotsalira za jekeseniyo amakumana nazo ndine. Ndikati ndipinde mkono, umabwera mouma, modukizadukiza. Dovu lili chuchuchu, maso ali tong'o, mwiniwake kulibe. Achibale amasangalala kuti lero wagona bwino, pamene ine tsiku landipita pachabe.

Haloperidol, amene anapangidwa ku Belgium mu 1958 pa kampani ya Paul Janssen, amatchinga dopamine mu ubongo. Tsono dopamine yemweyo ndiye amadzutsa thupi kuti lisunthe, amathandiza munthu kuika mtima pa chinthu ndi kuchiphunzira. Mafizo ndi sukulu basi: kukhala tsonga, kuima, kuponya phazi, kubwereza mpaka mbali zotsala za ubongo zitazolowera ntchito ya mbali yowonongekayo. Mu 1982 Dennis Feeney ndi anzake ku New Mexico anavulaza ubongo wa makoswe n'kumawayendetsa pa kathabwa kopyapyala. Opatsidwa haloperidol anachedwa kuyambanso kuyenda bwino. Opatsidwa amphetamine anachira msanga, koma okhawo amene ankaloledwa kuyeserera; otsekeredwa sanapindule kanthu. Mfundo yomalizayi ndimaikonda, poti ikunena za ntchito yanga. Ofufuza a ku Pittsburgh anadzaona pambuyo pake kuti chowononga kwambiri ndi kupereka mankhwalawa tsiku ndi tsiku, osati kubaya kamodzi. Munthu si khoswe, n'zoona, koma kafukufuku wina wa 1985 anapezanso kuti odwala opatsidwa haloperidol anakhala nthawi yaitali m'chisokonezo choiwalaiwala chija.

Palinso msampha wina. Mankhwala omwewa amatha kuutsa kusakhazikika m'miyendo, munthu n'kumangotakataka, kukhala pansi osatheka. Wosadziwa amati walusanso, n'kuwonjezera mlingo.

Choncho wodwala akalusa ndimayamba ndi manja. Ndimakhudza pachinena, mwina chikhodzodzo chadzadza paipi itatsekeka. Ndimafunsa kuti wapita liti kuchimbudzi. Ndimafufuza fupa lothyoka limene silinaonedwe tsiku la ngozi, kutentha thupi, chilonda cha pamsana. Kenako ndimayang'ana anthu. Mudzi wonse ukabwera kudzazonda, uyu akufunsa kuti ukundidziwa kodi, uyo wayamba nyimbo, mutu wovulala sungapirire. Ndimapempha kuti atsale mmodzi amene wodwala amamumvera. Ndimati, "Mayi, muzimuuza pang'onopang'ono kuti ali kuchipatala, lero ndi Lachiwiri, anachita ngozi. Akaiwala muuzeninso, osamukalipira." Wofuna kuyenda ndimayenda naye m'khonde mpaka atatopa, m'malo momumanga ndi chitenje.

Kulemba mankhwala ndi kwa adokotala, koma pozungulira m'wodi ndimanena zomwe manja anga apeza. Alipo ena oti n'kuyesa: propranolol, wa kuthamanga kwa magazi uja, amachepetsa ukali mwa ena, ndipo amantadine, amene amakweza dopamine, anafulumizitsa kuchira pa kafukufuku wa odwala 184 mu 2012, ngakhale kuno kumupeza n'kovuta. Amene ankadwala kale matenda a maganizo asanavulale, nkhani yake ndi ina, mankhwala ake sitimusiyitsa mwachisawawa.

Chimene ndimachilondola kwambiri ndi buku la kuchipatala pa tsiku lotuluka. Haloperidol wolembedwa chifukwa cha usiku umodzi akangolowa m'bukumo, kuchipatala chaching'ono amangokopera mwezi ndi mwezi, ndipo mnyamata amabwera ku mafizo akukoka mapazi, abale akuti ndi ngozi ija. N'chifukwa chake asananyamule katundu ndimatenga bukulo kupita nalo kwa adokotala, kukafunsa ngati mzere umenewo ukufunikabe.