Mafoni pansi, osadumpha nyimbo

Tivomereze, abale ndi alongo: ambirife sitimaliza nyimbo. Ikangoyamba, chala chili kale pa ina. Matendawa tinawazindikira usiku wina kuhositelo, mnzathu atatiikira chimbale cha gulu la ku England, The Moody Blues, chotchedwa Days of Future Passed. Anatipatsa lamulo limodzi: mafoni pansi, osadumpha nyimbo.

Chimbalechi chinatuluka mu 1967, ndipo chonsecho ndi nkhani imodzi: tsiku la munthu wamba, kuyambira mbandakucha mpaka usiku. Ukadumpha nyimbo, ndiye kuti wadumpha masana kapena madzulo. Malo ena mumalira mavayolini enieni, koma malo ena khutu limanamizidwa. Mike Pinder ankaimba Mellotron, chida chooneka ngati limba, chimene batani lililonse limaliza katepi kojambulidwa kale. Katepiko kamatha pakangopita masekondi pafupifupi 8, choncho woimba amayenera kudziwa pochotsera chala.

Mawa lake mnzathuyo anatiikira An Electric Storm, chimbale cha 1969 cha gulu la White Noise. Mmodzi wa iwo, mayi Delia Derbyshire wa ku BBC, anali katswiri wodula tepi ndi lezala n'kumata tizidutswato kamodzikamodzi mpaka nyimbo ituluke. Zimene lero kompyuta imachita m'kamphindi, iwo ankachezera nazo usiku.

Sitibisa mawu: nyengo imeneyo inalinso ndi manda ake. Oimba ambiri ankagwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo a LSD. Syd Barrett, amene ankapeka nyimbo zambiri za Pink Floyd poyambirira, anachoka m'gululo mu 1968 mutu utasokonekera, ndipo ambiri amati mankhwalawo anaikapo dzanja. Zimenezo sitikuzisirira. Chimene chinatigwira mtima ndi khama la anthu okhalira ntchito imodzi miyezi yambirimbiri.

Nanga ife? Usiku woyamba uja, mphindi 10 zisanakwane, manja anayamba kuyabwa. Awiri anatuluka, ati akukatunga madzi, osabweranso. Chimbalecho n'cha mphindi pafupifupi 41 zokha. Ngati zimenezo zikutikanika, tikhala bwanji ndi mutu wonse wa buku mayeso ali pafupi? Nanga mnzathu akayamba kufotokoza za maliro akwawo, tidzamumvera mpaka amalize?

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tinatsala anayi. Nyimbo yomaliza itatha, tinakhala chete kanthawi, foni ya wina ikunjenjemera patebulo popanda woitola.