Ulendo wa ku Nguludi: kukafuna mphunzitsi wa mwana wa mlongo wanga

Kwathu ku Phalombe mwana wa mlongo wako ndi mtolo wako. Ndiwe mwinimbumba, kaya uli ndi ndalama kaya ulibe. Nchifukwa chake mlongo wanga atandiimbira foni nkunena kuti, "Achimwene, mwanayu wakwanitsa zaka 8 ali pakhonde, kodi atha chonchi?" ine tulo tinandithera.

Mwanayo anabadwa bwinobwino. Ali ndi zaka ziwiri anadwala malungo aakulu, aja ofika ku ubongo, ndipo anakomoka masiku angapo. Potsitsimuka makutu anali atatseka, maso akungoona mbuu, miyendo italobodoka. Akuluakulu sananame, lungalunga mpobadwa, chilema chichita kudza. Mayi ake anayesapo kumubereka mpaka kusukulu ya m'mudzi. Aphunzitsi ake, amene anali ndi ana oposa 100 m'kalasi imodzi, anawauza mwaulemu kuti iwo sanaphunzire za ana otere. Ine sindiwada aphunzitsiwo, ananena zoona.

Nanga odziwa za ana oterewo amaphunzira kuti? Aliyense amene ndinamufunsa ankatchula malo amodzi: Nguludi, m'boma la Chiradzulu. Basi ndinapempha tsiku kuntchito nkunyamuka.

Minibasi ndinakwerera ku Limbe, ya msewu wa Midima wopita ku Mulanje. Kondakitala anatipanikiza ngati matumba a nandolo, koma ulendo wake ndi waufupi, sukwana ola. Ndinatsikira pa mphambano ya ku Nguludi nkukwera njinga yamoto ya kabaza. Unali mwezi wa Okotobala, dzuwa likuswa mtengo, minda ili yofiira kudikira mvula, phiri la Malabvi likuoneka chapatali mu utsi wa lupsa. Mnyamata wa kabazayo anandifunsa ngati ndikupita kuchipatala kapena ku yunivesite. Nditamuuza kuti ndikufuna koleji ya aphunzitsi a ana aulumali, anangoti, "Ku Montfort, bwana, gwiritsitsani."

Nguludi ndi malo akale. Ndi mishoni ya Akatolika imene ankhondo a John Chilembwe anaitentha mu Januwale 1915, ndipo ku Mbombwe, kwawo kwa Chilembweyo, si kutali. Lero pamalopa pali tchalitchi, chipatala cha St Joseph's, sukulu zingapo ndi Catholic University of Malawi imene inatsegulidwa m'chaka cha 2006. Pali nyumba zanjerwa zofiira ndi mitengo ikuluikulu ya mthunzi. Koma chimene chinandiimitsa ine ndi ana a sukulu ya osamva ya Mary View. Anali kagulu, akukangana kwadzaoneni, manja ali yakaliyakali, nkhope zikusinthasintha, koma osamveka phokoso. Ndinaima ngati chitsiru, pakuti pamenepo wosadziwa kuyankhula ndinali ineyo.

Ntchito yophunzitsa ana aulumali m'dziko muno inayamba ndi amishoni. M'chaka cha 1950 kunatsegulidwa sukulu za ana osaona ku Chilanga m'boma la Kasungu ndi ku Lulwe m'boma la Nsanje. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, abulazala a chipani cha FIC ochokera ku Holland anayamba kusula aphunzitsi a ana osamva ndi osaona pa Montfort pomwepa. Maphunziro a aphunzitsi a ana ovutika kugwira zinthu m'kalasi anadzabwera mochedwa, m'chaka cha 1996. Olowa pakolejiyi si ana ongomaliza Fomu 4 ayi, ndi aphunzitsi amene anagwirapo kale choko.

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani. Kwa zaka zambiri makomo anali atatu: la osaona, la osamva ndi la ovutika kuphunzira. Mphunzitsi wa osaona amadalira makutu a mwana, amamuuza ndi pakamwa kenako nkumuphunzitsa zilembo za Braille. Mphunzitsi wa osamva amadalira maso a mwana, amayankhula naye ndi manja. Nanga mwana wa mlongo wanga, amene samva, saona bwino komanso sayenda, alowere khomo liti? Ulumali uwiri ukakumana pa mwana mmodzi sungotenga theka la nzeru uku, theka uko nkuphatikiza. Limakhala vuto lina lakelake, lofuna mphunzitsi wakewake.

Izi ndinazimvetsa bwino masana, m'kanyumba kena kogulitsa tiyi. Ndinakhala benchi limodzi ndi mayi wina, mphunzitsi wa zaka zambiri pantchito amene anabwerera kusukulu kudzawonjezera maphunziro. Nditawafotokozera za kwathu sanandimvere chisoni monga achitira ena. Anangondiuza kuti nditsinzine ndipo nditseke makutu ndi zala. Kenako anachotsa dzanja langa limodzi kukhutu, nkulowetsa dzanja lawo pansi pa langa, nkulitsogolera pang'onopang'ono mpaka ndinakhudza sipuni. Anadikira. Kenako anandikhudzitsa kapu yofunda.

"Mwamva chiyani, bambo?"

"Kuti tiyi wafika, aphunzitsi."

"Ndiye mawu oyamba amenewo."

Anandifotokozera kuti mwana wosamva ndi wosaona zinthu zimangomugwera ngati mphezi. Amangozindikira wanyamulidwa, madzi ozizira amuthira, phala lili pakamwa, popanda womuchenjeza. Akamaluma anthu kapena kudzimenyetsa mutu kukhoma, ife timati wapenga kapena anamulodza, chonsecho mwana akuyankhula kuti ndikuopa, kapena ndatopa, kapena pena pakundiwawa. Mphunzitsi wosulidwa bwino amayamba ndi kuphunzira chiyankhulo cha mwanayo asanamuphunzitse chake.

Njira zake ndi zooneka zazing'ono. Sipuni ikhale chizindikiro cha phala, sopo cha kusamba, nsapato cha kutuluka panja, ndipo umukhudzitse chinthucho nthawi zonse ntchitoyo isanayambe. Zinthuzo amaziika m'timabokosi tondondozana kuti mwana azipapasa nkudziwa za tsiku lonse, chimene chatha ndi chimene chikubwera. Munthu aliyense wa pakhomo akhale ndi chomuzindikiritsa, wina chibangili, wina wotchi, wina ndevu zake zomwe. Dzanja la mphunzitsi likhale pansi pa dzanja la mwana, osati kumugwira pamwamba ngati wakuba, kuti akafuna kukana athe kuchotsa. Ndipo ukafunsa, dikira. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Koma musanamizike kuti nzophweka. Mphunzitsi ameneyu ayenera kudziwa kuyeza kuti diso latsala ndi mphamvu yotani, khutu likumva chiyani. Ayenera kudziwa kukhazika mwana wolobodoka thupi kuti asatsamwe pakudya, pakuti chakudya chikalowera kumapapo chimabweretsa chibayo. Ayenera kudziwa chochita mwana akagwa khunyu, kulemba ndondomeko ya mwana aliyense payekha, kugwirizana ndi achipatala, ndiponso kuphunzitsa makolo, poti mwana amakhalitsa kunyumba kusiyana ndi kusukulu. Zimenezi si za semina ya masiku atatu ku hotela ya kunyanja, yongolandirako alawansi.

Maiko ena anazindikira kalekale. Helen Keller wa ku America anasiya kuona ndi kumva ali ndi miyezi 19. Amene anamutsegulira dziko m'chaka cha 1887 ndi Anne Sullivan, mtsikana wochokera pa sukulu ya osaona ya Perkins, amene ankamulembera mawu m'chikhatho mpaka tsiku lina pa mjigo mwana uja anazindikira kuti chozizira chikumuthira m'manjachi chili ndi dzina. M'chaka cha 1904 Keller analandira digiri. Ku Holland, kwawo kwa abulazala aja, katswiri wina dzina lake Jan van Dijk anatchuka ndi njira yoyendera limodzi ndi thupi la mwana mpaka mwanayo ayambe kuyankha, ndipo m'chaka cha 2006 yunivesite ya Groningen inatsegula digiri yachiwiri, ya masitazi, yongoona za kuyankhulana ndi anthu osamva ndi osaona. Anthu amakhala pansi kufufuza nkhani imene ife timaimaliza ndi mawu akuti "nzakumwamba."

Kuno nakonso sikuti kuli zii. Ku Chisombezi, m'boma lomweli la Chiradzulu, asisiteri anatsegula malo ophunzitsira ana osamva ndi osaona mothandizidwa ndi anthu a ku Norway. Pa Catholic University munthu atha kuchita digiri ya maphunziro a ana aulumali. Koma taonani kukula kwa munda. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka 5 kupita m'tsogolo, 10 ali ndi ulumali wina wake. Pamene boma linachotsa fizi ku pulayimale m'chaka cha 1994, ana anakhamukira kusukulu kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni ndi kuposa, koma ana ngati wa mlongo wanga anatsala pakhonde pomwepo. Dziko lino linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali m'chaka cha 2009, Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la anthu aulumali mu 2012 ndipo linalowedwa m'malo ndi latsopano mu 2024. Zonsezi nzabwino. Koma abale anzanga, lamulo silingagwire dzanja la mwana nkulikhudzitsa sipuni.

Tsono aphungu athu, inu okonda kulonjeza milatho ngakhale kopanda mtsinje, tamverani. Patulani ndalama zoti aphunzitsi amene aonetsa mtima pa ana a ulumali woposa umodzi apitirize maphunziro mpaka digiri yachiwiri, kuti iwowo adzasule anzawo. Akamaliza muwakweze pantchito, chifukwa mukawasiya pa malipiro akale adzathawira ku mabungwe, kapena adzapatsidwa Sitandade 8 kuti azikhozetsa mayeso, luso lija nkuchita dzimbiri. Ndipo muwapatse njinga zoyendera m'midzi, pakuti ana amenewa sadzabwera okha.

Dzuwa litapendeka ndinakweranso kabaza kubwerera ku msewu. Mphunzitsi woti ndipite naye kwathu sindinamupeze, ndipo sindikunamizani kuti ndinabwerako ndi mankhwala. Ndinangogula sipuni imodzi yachitsulo pa okala ya pa mphambano paja.

Loweruka lotsatira ndinali ku Phalombe. Ndinamufotokozera mlongo wanga zonse, iye nkumandiyang'ana ngati ndamwa. Komabe anavomera kuti phala lisanafike pakamwa, sipuni iziyamba yafika m'manja mwa mwana, m'mawa uliwonse osadumphitsa. Ine ndinamukhudzitsa ndevu zanga kuti adziwe kuti malume abwera.

Patha milungu 6. Dzulo mlongo wanga waimbanso foni, mawu akunjenjemera.

"Achimwene, lero nditangomupatsa sipuni ija, wayasamula yekha. Phala linali likadali pamoto."

Ngati sipuni ya pa okala, m'manja mwa mayi amene sanapitirire Sitandade 5, yachita zimenezi, nanga mphunzitsi wosulidwa mokwanira akanamufikitsa pati mwanayu pa zaka 6 zimene wakhala pakhonde?